Bangkok, Buriram, Chiang Mai: kumene zipani zimafa koma mabanja amatsala

LACHIWIRI, 30 September 2025, Pratunam

Tafika ku Thailand abale, tili moyo. Lilongwe kupita Addis, kenako usiku wonse m'mwamba mpaka pa bwalo la ndege la Suvarnabhumi ku Bangkok, miyendo inachita kutupa moti nsapato ndinavala mopondera kumbuyo. Ulendowu si wanga kwenikweni, ndaperekeza alamu anga amene amaoda zovala kuno ku Pratunam, ine ntchito yanga ndi kunyamula majumbo ndi kudina kakyuleta basi. Koma ndinawauziratu tisananyamuke kuti alamu, katundu akangolowa kwa a kago mundimasule ndikaone dziko. Anati bola ya sitima ulipire wekha. Chabwino.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti matenda anga ndi ndale, ndiye musayembekezere zithunzi za kunyanja. Ndipo ndafika nthawi yake yeniyeni. Tamvani izi. Pofika ulendo wanga wa 2025 uno, chisankho chomaliza kuno chinali cha May 2023, kamodzi kokha. Kuchokera pamenepo nduna zazikulu (kuno kuli mfumu, ndiye woyendetsa boma ndi nduna yayikulu) zadutsapo zitatu, a Srettha Thavisin, mayi Paetongtarn Shinawatra, kenako a Anutin Charnvirakul amene aphungu anawavotera pa 5 September 2025. Mwa atatu onsewa palibe ndi mmodzi yemwe wa chipani chimene chinapambana chisankhocho.

Madzulo mvula itakata tinayenda wapansi kuwoloka ngalande mpaka pa mphambano ya Ratchaprasong, si patali. Mbali ino chimshopu cha CentralWorld, mbali iyo kachisi wa Erawan, anthu akufukiza lubani, kuika maluwa achikasu, atsikana ovala zagolide akuvina, pamwamba sitima ya BTS ikudutsa. Pamalo pomwepa mu 2010 anthu a malaya ofiira, otsatira a Thaksin Shinawatra, nduna yayikulu yakale, ambiri a kumidzi ya kumpoto ndi ya ku Isan kumpoto chakum'mawa, anamanga misasa masabata angapo kufuna chisankho chatsopano. Asilikali anadzawabalalitsa mu May, anthu pafupifupi 90 anafa pa mademo amenewo, CentralWorld inayaka moto. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna kachikwangwani kokumbutsa, sindinakaone, ndinangoona malonda a mafoni.

Pakona ina ya mphambano yomweyo pali chipatala cha apolisi, Police General Hospital. Alamu akundikoka kuti tilowe mu shopu ine ndaima kuwerenga mawindo kufuna nsanjika ya 14. Paja a Thaksin atakhala kunja zaka 15 kuthawa milandu anabwerera pa 22 August 2023, tsiku lomwelo limene chipani chawo cha Pheu Thai chimatenga boma, mwangozi eti. Anawagamula zaka 8, usiku womwewo akuti BP yakwera, chifuwa chathina, ulendo wa ku nsanjika ya 14. Chilango chinatsitsidwa kufika chaka chimodzi, iwo anakhala m'chipatalamo miyezi 6 kenako February 2024 anatuluka pa parole, mu selo osagonamo ngakhale usiku umodzi wathunthu. Ndiye pa 9 September 2025 Supreme Court inati ayi, kugona kuchipatala kuja sitikuwerengera, kayambireni. Mkulu wa zaka 76, amene anagulapo Manchester City, anakalowa ku ndende ya Klong Prem. Mwana wawo Paetongtarn atangochotsedwa pampando, masabata awiri asanathe n'komwe.

LACHITATU, Ratchadamnoen ndi pamtsinje

Alamu anadzuka 5 koloko kupita ku msika wam'mawa, ine ndinanamizira mutu. Ndinakwera boti la mu ngalande ya Saen Saep, lija amakoka chipulasitiki m'mbali kuti madzi akuda asakuthovukire kumaso, kondakitala akuyenda m'mphepete kunja kwa boti kutolera ndalama ngati palibe chilichonse. Ndinatsikira pothera pa Phanfa, wapansi pang'ono ndi pa Democracy Monument.

Chipilalachi chili pakati pa raundabauti, mapiko anayi, lililonse mamita 24 kutalika, kukumbukira 24 June 1932 pamene gulu la asilikali ndi ogwira ntchito m'boma linathetsa zoti mfumu izilamula yokha. Pakati anaikapo chifanizo cha buku la malamulo oyendetsera dziko pamwamba pa mbale zagolide. Koma bukulo alilemba ndi kuling'amba kambirimbiri, limene likugwira ntchito pano la 2017 ndi la nambala 20, ndipo asilikali alanda boma koposa ka 10. Kawiri komaliza konse analanda kwa banja limodzi. 2006 a Thaksin ali ku New York ku msonkhano wa UN, 2014 General Prayut Chan-o-cha kulanda boma la mlongo wawo Yingluck, iyeyo khothi linali litamuchotsa kale masabata awiri m'mbuyomo.

Pa kashopu ka khofi chapafupi ndinacheza ndi mnyamata wa ku yunivesite, chizungu chake chabwino, foni yake chikuto cha olenji. Ndinamufunsa za 2023 ndiye anayamba kujambula manambala pa tishu. Aphungu onse ndi 500. Move Forward, chipani cha achinyamata cha mtundu wa olenji cha Pita Limjaroenrat, chinapeza 151. Pheu Thai 141. Bhumjaithai ya a Anutin 71. Mu Bangkok muno a olenji anatenga mipando 32 mwa 33, kusesa. Koma malamulo amene asilikali analemba ankati posankha nduna yayikulu masenita 250 nawonso avote, ndipo masenitawo anachita kuikidwa ndi asilikali omwewo. Pita anapeza mavoti 324 pamene amafunika 375, masenita 13 okha ndi amene anamuvotera. Pheu Thai inawasiya a olenji panjira n'kukapanga boma ndi zipani za asilikali aja anagwetsa Yingluck. Chaka chotsatira, 7 August 2024, khothi la malamulo linathetseratu Move Forward, atsogoleri ake kuwaletsa ndale zaka 10, chifukwa ankachita kampeni yofuna kusintha gawo 112, lamulo loteteza ulemu wa mfumu. Za lamulo limeneli ndilekera pomwepa, ndikadali m'dziko la eni ndipo chilango chake ndi zaka 3 mpaka 15 pa mlandu umodzi.

Mnyamatayo anati chipani chake chafa kawiri. Poyamba chinali Future Forward cha Thanathorn Juangroongruangkit, anachithetsa February 2020 pa nkhani ya ngongole imene mtsogoleriyo anabwereketsa chipani chake chomwe. Pano akuchitcha People's Party, mtundu ndi olenji yemweyo. Ndinamufunsa, nanga bwanji mwavotera Anutin mwezi watha, munthu amene simugwirizana naye chilichonse? Anapukusa mutu, akuti tinagwirizana kuti athetse nyumba ya malamulo pakatha miyezi inayi tikavotenso, komanso ayambitse zosintha malamulo oyendetsera dziko, ife m'boma sitinalowemo. Ndinati ukumukhulupirira? Anangoseka n'kupinda tishu uja.

Masana ndinakwera boti lalikulu la pa mtsinje wa Chao Phraya kulowera kumtunda kuti ndingoona nyumba ya malamulo yatsopano, Sappaya-Sapasathan, chinyumba chofiirira chachitali m'mbali mwa madzi, pamwamba nsonga yagolide. Inachedwa zaka kuti ithe. Kampani imene inamanga ndi Sino-Thai, yoyambitsidwa ndi a Chavarat Charnvirakul, bambo awo a Anutin. Iwo amati za kampani anazisiya kalekale atalowa ndale. Komabe tangoganizani, kupita kuntchito tsiku ndi tsiku m'nyumba imene kampani ya kwanu inamanga ndi ndalama za boma.

LACHINAYI, Pratunam

Lero ndagwira ntchito ya alamu tsiku lonse, mapewa akuwawa. Timakhwalala ta mu Pratunam ndi topapatiza, njinga zamoto zikudutsa momwemo, ngolo za mabelo momwemo, ma Nigeria, ma Ethiopia, ma Congo, aliyense ndi kakyuleta yake. Mashopu a chamba okhala ndi tsamba lobiriwira pakhomo akadalipo, ngakhale mu 2025 anakhwimitsa kuti pafunika kalata ya dokotala. Amene anamasula chamba mu 2022 ndi a Anutin omwewa ali nduna ya zaumoyo. Alamu anati usalowemo, amayi ako ndikawauza.

Mayi wina amene alamu amaodako madiresi ndi wolongolola kwabasi, ndiye pamene anyamata amamanga belo ndinamuyambitsa. Anati ku Thailand ukakhala nduna yayikulu usamaope ovota, uziopa majaji 9. Ndipo anayamba kuwerenga ndi zala. Samak Sundaravej, 2008, anamuchotsa chifukwa ankaphika pa TV n'kumalipidwa ali pampando. Sindikunama aise, pulogalamu yophika. Somchai Wongsawat, mlamu wake wa Thaksin, chaka chomwecho, chipani chinathetsedwa pa mlandu wogula mavoti, uku a malaya achikasu, otsutsa Thaksin, atatseka mabwalo a ndege onse awiri a mu Bangkok. Yingluck, 2014, chifukwa chosamutsa mkulu wina wa zachitetezo pa udindo. Srettha, August 2024, majaji 5 kwa 4, chifukwa anapatsa unduna loya wina Pichit Chuenban amene mu 2008 anakhalapo m'ndende miyezi 6 pa nkhani ya kajumbo ka pepala kokhala ndi 2 miliyoni baht kamene kanaperekedwa kwa ogwira ntchito ku khothi, eni ake n'kumati tasokoneza ndi jumbo ya zokhwasula kkkk. Wachisanu Paetongtarn, 29 August 2025, majaji 6 kwa 3.

Ya Paetongtarn ndiye ya pabanja yeniyeni. Mu June malire ndi Cambodia atavuta, anaimbira foni Hun Sen, mtsogoleri wakale wa Cambodia komanso mnzawo wakalekale wa bambo ake, n'kumamuitana kuti ankolo, n'kunenanso kuti mkulu wa asilikali a Thailand woyang'anira kumalireko ndi wa mbali ina. Ankolo aja anajambula zonse, mawu anatuluka, dziko linaphulika. Bhumjaithai inatuluka m'boma, khothi linamuimitsa pa 1 July, kumapeto kwa July mizinga inalira masiku asanu kumalire anthu n'kufa. Paja Hun Sen nayenso mpando anasiyira mwana wake Hun Manet mu 2023. Mabanja awiri kukangana, othawa m'nyumba ndi alimi.

Usiku ndimaganiza za ConCourt yathu ya February 2020. Ija inafufuta chisankho cha Tippex koma inatibwezera ifeyo pamzere kuti tikavotenso. Kuno khothi likachotsa munthu ovota safunsidwa, aphungu omwe aja amangokhala pansi n'kugawananso maunduna. Milandu inayo mwina inalidi milandu, ine sindikuti a Shinawatra ndi angelo, koma anthu asanu a mbali imodzi? Ayi ndithu, pamenepo pali mawu.

LACHISANU, mu sitima ya ku Buriram

Katundu walowa ku kago, ndamasulidwa. Sitima ndakwerera pa siteshoni yatsopano ya Krung Thep Aphiwat, kulowera kumpoto chakum'mawa, ku Isan, dera la anthu ambiri komanso osauka, kumene kumachokera madalaivala a matakisi ndi omanga nyumba ambiri a mu Bangkok. Mukadutsa Ayutthaya kenako mapiri pang'ono, Korat, ndiye minda ya mpunga yobiriwira mpaka maso kutopa. Azimayi akukwera pa siteshoni iliyonse ndi nkhuku yootcha yopanidwa pa kansungwi, ndi mpunga womata uja amadya ndi manja. Ndinadya kawiri, musandiweruze.

Moyang'anana nane munakhala agogo ena aakazi, mphunzitsi wopuma ntchito, chizungu pang'ono, pena timathandizidwa ndi foni. Nditawafunsa za kugula mavoti sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Akuti usiku woti mawa chisankho amautcha usiku wa agalu ouwa, chifukwa anthu amayenda khomo ndi khomo mumdima ndi ma envulopu, agalu m'mudzi monse osagona. Mowa amaletsa kugulitsa kuyambira 6 koloko madzulo a tsiku limenelo, koma envulopu siimaletseka. Woyenda nayo si mlendo ayi, ndi munthu wa m'mudzi momwemo, amamutcha hua khanaen, pena wachibale wa amfumu, pena wa komiti ya kusukulu kapena ya kukachisi, ali ndi kope la mayina a nyumba iliyonse, amadziwa kuti pakhomo pano pali mavoti angati. Akuti iwo analandirapo 500 baht, pena zocheperapo, ndipo chaka china ma envulopu anabwera ochokera mbali ziwiri.

Ndinati ndiye munavotera uti agogo? Anati amene ndinkamufuna kale. Kenako anakwiya pang'ono, osati ndi ine. Akuti anthu a ku Bangkok amatitcha njati, amati ndife mbuli zogulidwa ndi 500, koma envulopu ya usiku umodzi siingagule munthu. Chimene chimagwira mtima ndi zaka zinayi zonse zija, amene anabwera pa maliro a amuna anga, amene anakonzetsa msewu wopita kumunda, amene ndingamuimbire mdzukulu wanga akagwidwa ndi apolisi. Envulopu ndi moni chabe, koma amene sapereka moniyo timati ndi wodzimva.

Zimenezi zandikhala m'mutu njira yonse. Kugula mavoti kulipodi, bungwe la chisankho kuno mpaka limapereka makhadi, yachikasu ndiye kuti derali livotenso, yofiira ndiye kuti watuluka, ndipo khadi yofiira imodzi ya Yongyuth Tiyapairat wa ku Chiang Rai ndi imene inagwetsa chipani chonse cholamula mu 2008. Koma nkhani yomweyi ya kugula mavoti ndi imenenso akuluakulu a mu tawuni amagwiritsa ntchito akafuna kunena kuti voti ya wakumudzi isawerengedwe. Mu February 2014 anthu a Suthep Thaugsuban, wotsogolera mademo otsutsa boma la Yingluck, anatseka malo ovotera kuti chisankho chisachitike n'komwe, khothi linachifufuta, miyezi itatu isanathe bwino asilikali ali mkati. Ife amene tangochoka kumene mu nyengo ya mahandauti ngakhale lamulo la zipani la 2018 linaletsa, tikudziwa kuti wolandira chitenje si ndiye kuti wagulitsa mutu wake.

LOWERUKA, Buriram

Tsiku lonse gulupu ya pabanja pa WhatsApp yadzadza ndi mavidiyo a ku Kamuzu Stadium, kulumbira kwa a Peter Mutharika. Achimwene anga analemba kuti iwe ukukaona ndale za mabanja kutali chonchi bwanji, Bingu ndi Peter sunawaone, Bakili ndi Atupele sunawaone? Ndinawayankha kuti achimwene, kwathu ndi maphunziro a pulayimale, kuno ndi yunivesite.

Buriram ndi tawuni yaing'ono, panja pa siteshoni ya sitima anthu aimirira mozungulira timangolo akudya timipira ta nyama tokazinga, kuviika mu mphika umodzi wa sosi wa tsabola, ukamaliza amawerenga timitengo n'kukuuza mtengo. Koma ukangotuluka pang'ono kumwera ukuona chibwalo cha mpira cha buluu, Chang Arena, anthu 32,600, kuseri kwake bwalo la mpikisano wa njinga zamoto kumene MotoGP imabwera kuyambira 2018. Kumudzi kwenikweni, mpunga mbali zonse, koma MotoGP. Jezi ya Buriram United aliyense wavala, agogo, ana, wogulitsa mafuta. Zonsezi mwini wake ndi munthu mmodzi, Newin Chidchob.

Mabanja oterewa kuno amawatcha ban yai, nyumba yayikulu, ndipo zigawo zambiri zili ndi yakeyake. Suphan Buri ndi ya a Silpa-archa, malemu Banharn amene anali nduna yayikulu 1995 mpaka 1996 ndipo ankatchedwa Mr ATM, anamanga misewu ndi chinsanja chotchedwa dzina lake ndi la mkazi wake. Chonburi ndi Pattaya ndi a Khunpluem. Kuno ndi a Chidchob. Bambo, malemu Chai, anali sipikala wa nyumba ya malamulo. Mng'ono wake wa Newin, Saksayam, anali nduna ya zamtengatenga, khothi linadzamupeza wolakwa pa nkhani yobisa masheya mu kampani. Mwana wa Newin, Chaichanok, ndi mlembi wamkulu wa Bhumjaithai ndipo mu 2025 anakhala nduna mu boma la a Anutin. Newin mwini wake amati ine ndale ndinasiya, ndine wa mpira. Palibe amene ndakumana naye amene amakhulupirira zimenezo, ngakhale omukonda.

Mbiri yake ndi yautali. Pa chisankho cha 1995 apolisi anapeza ndalama zoposa 11 miliyoni baht m'nyumba ina kuno, ya 100 ndi ya 20 zitamenyedwa sitepulala pamodzi, ndiye dzina loti Mr 120 linamumata ngakhale iye mwini khothi silinamupeze wolakwa. Kenako anali dzanja lamanja la Thaksin. December 2008 anatenga aphungu ake n'kuwolokera kwa Abhisit Vejjajiva, mtsogoleri wa otsutsa boma, boma linasintha popanda wovota aliyense kutuluka m'nyumba, Bhumjaithai inakulira pamenepo. Za masenita atsopano 200 a 2024 ndiye zina. Anthu wamba sanavote, opikisanawo ankavoterana okhaokha m'magulu 20 a ntchito, kuyambira kuboma laling'ono mpaka dziko lonse, ndipo pomaliza Buriram inatulutsa masenita ambiri kuposa Bangkok. Anthu amangowatcha masenita a buluu, mtundu wa Bhumjaithai. Nkhani yoti panali kupangana inali ikufufuzidwabe mu 2025.

Chimene ndaona ine ndi ichi, ndipo ndakhala ndikuchitembenuza pa bedi pano. Mu 2007 khothi linathetsa Thai Rak Thai, chipani cha Thaksin, n'kuletsa akuluakulu ake 111 kuchita ndale zaka 5. Newin anali m'gulumo, Anutin analinso momwemo. Ndiye anatani? Anutin anaika bambo ake kutsogolera Bhumjaithai mpaka chiletso chitatha 2012 n'kudzatenga yekha. Kwa a Chidchob bambo ndi amene anakhala sipikala. Banharn ataletsedwa 2008 chipani chatsopano anatsogolera mng'ono wake Chumpol. Thaksin ali kunja anatumiza mlamu, kenako mlongo, kenako mwana. Ukamathetsa zipani pafupipafupi munthu sangaike chuma chake ndi anthu ake mu chipani, amaika mwa wachibale, chifukwa dzina la bambo khothi silingalithetse. Kuli ngati kudula bulugamu, pachitsa pamaphuka nthambi zisanu. Ndiye makhothi ndi asilikali amene amati akuthana ndi ndale za mabanja, ndi omwewo akuzithirira.

Koma ndinenenso mbali inayo. Bambo wa gesitihausi anandiuza kuti mu July mizinga ikugwa ku Ban Kruat kumalire, anthu othawa anakagona ku bwalo la njinga zamoto lija, chakudya chikubwera, matenti alipo. Anati ukanakhala iwe, chisankho chikubwerachi ungavotere ndani? Ndinangoti zikomo chifukwa cha khofi.

LAMULUNGU, mu basi

Basi ya usiku yopita ku Chiang Mai, ulendo wautali zedi, eyakoni ngati akusunga nsomba, ndavala majuzi awiri. Mpando wapafupi mwakhala msilikali wachinyamata akupita kwawo ku tchuthi. Sindinamufunse chilichonse cha ndale, tinangogawana mtedza.

LOLEMBA, Chiang Mai ndi San Kamphaeng

Ndafika m'mawa ndili zii, ndinadya khao soi, ma noodles a mu supu ya kokonati ndi mwendo wa nkhuku, moyo unabwerera. Kenako kagalimoto kopita ku San Kamphaeng, kum'mawa kwa tawuni, kudutsa Bo Sang kumene amapanga maambulera a pepala. Kumeneku ndi kwawo kwa a Shinawatra. Kholo lawo linachokera ku China, banja linalemera ndi nsalu za silika, mpaka lero dzinali mumaliona pa mashopu a silika. Bambo ake a Thaksin, a Loet, anali phungu wa Chiang Mai, ndiye nkhani ija yoti anachokera pansi muziimva ndi khutu limodzi. Iye anayamba ngati wapolisi, n'kudzalemera ndi mafoni am'manja, kampani ya AIS.

Munthu sungamvetse chifukwa chimene anthu anafera pa Ratchaprasong ngati sunamve za 30 baht. Atapambana 2001 anabweretsa zoti aliyense akapita ku chipatala cha boma alipire 30 baht basi, kaya ndi chimfine kaya ndi opareshoni. Mudzi uliwonse unalandira 1 miliyoni baht yoti anthu azibwerekana. Ngongole za alimi anaziimika kaye. Panalinso OTOP, dera lililonse ndi katundu wake, imene ndi mphwake wa OVOP yathu ija ya nthawi ya a Muluzi, zonse zinatengera ku Oita ku Japan, kungoti kuno mashopu a OTOP ndawaona ndi maso akugulitsabe. Mayi wina wogulitsa nsalu anandionetsa chipsera cha opareshoni pamimba, osafunsidwa, n'kunena kuti 30 baht. Aka kanali koyamba kuti chipani chilonjeze zinthu pa kampeni n'kuzichitadi, ndiye 2005 anasesanso moposa.

Koma munthu yemweyo mu 2003 analengeza nkhondo yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, anthu oposa 2,000 anaphedwa m'miyezi yochepa popanda kuonekera kukhothi. Msuweni wake Chaiyasit anakhala mkulu wa asilikali chaka chomwecho. January 2006 banja linagulitsa Shin Corp kwa Temasek ya ku Singapore pa 73 biliyoni baht osalipira msonkho, apa ndi pamene a mu Bangkok anavala zachikasu. Yingluck naye anabwera ndi zogula mpunga kwa alimi pa 15,000 baht pa tani, mtengo woposa wa pamsika, mpunga unadzadza m'nkhokwe za boma, ndalama zinalowa m'madzi, iye anathawa 2017 chigamulo chisanawerengedwe n'kupatsidwa zaka 5 kulibe. Zonsezi ndi zoona nthawi imodzi, ndipo aliyense amene ndacheza naye amasankhapo theka limene akulifuna.

Chimene chandidabwitsa kuno ndi chakuti 2023, m'chigawo cha kwawo chenicheni, a olenji anatenga mipando 7 mwa 10, Pheu Thai 2 yokha. Asilikali analephera kuwalanda Chiang Mai, makhothi analephera, anadzawalanda ndi ana a anthu omwe aja anapindula ndi 30 baht.

LACHIWIRI, siteshoni ya Chiang Mai

Wondibweretsa ku siteshoni ndi bambo wachikulire wa songthaew, timapikapu tofiira tija tokhala ndi mabenchi awiri kumbuyo, koma anandiika kutsogolo. Pa dashibodi kachithunzi ka Thaksin kofwifwa ndi dzuwa. Akuti 2010 anali pa Ratchaprasong, anagona pa katoni pansi pa njanji ya BTS, mnzake wa m'mudzi mwawo sanabwerere. Ndinati nanga mmene Pheu Thai inakagwirana manja ndi zipani za asilikali 2023 munamva bwanji? Anakhala chete mpaka pa maloboti, kenako anati anafuna abwere kwawo, wabwera, pano ali m'ndende, ife tinapindulanji. Koma chithunzicho sanachotse.

Za chisankho chimene a Anutin analonjeza kumayambiriro kwa 2026, akuti mwana wake wamwamuna ndi wa olenji, mkazi wake ndi wofiira mpaka kufa, iye voti ya chipani sanaganize, koma ya phungu wa dera apereka kwa amene anabwera pa maliro a mayi ake, ngakhale atasintha chipani mawa. Ndinalipira, anandithandiza kutsitsa chikwama. Sitima yogona yopita ku Bangkok inyamuka madzulo ano, ndapeza bedi lam'mwamba, ndipo alamu atumiza kale mavoisi anayi oti makilo apitirira ndiye majuzi anga awiri aja ndikavale pathupi pokwera ndege.